Ulendo wa ku chilumba cha Likoma: zoyenera kudziwa gulu lisanayambe kusonkha

Magulu a banki m'khonde, makwaya, amayi a mvano ndi aphunzitsi akakhala pansi kukambirana za chochita ndi ndalama zimene asunga, maganizo okaona nyanja sachedwa kutuluka. Ambiri amathera ku Mangochi kapena ku Salima. Amanyamuka m'bandakucha n'kubwerako usiku womwewo, atatopa ndi msewu kuposa momwe asangalalira ndi madzi. Koma gulu limene lingapirire kusonkha kwa miyezi ingapo lingathe kufika patali, pa chilumba cha Likoma, pomwe mbiri ya dziko lino ndi zachilengedwe za m'nyanja zidakumana pamalo amodzi. Ulendo wotere, wokonza gulu palokha popanda kudzera ku kampani yoyendetsa alendo, ndi wotheka ndithu kwa anthu a ku Magaleta. Kuvuta kwake n'kwakuti kuphonya kawerengedwe ka masiku kamodzi kokha kungasiye anthu 15 pachilumba kwa masiku angapo, m'thumba mutauma.

Likoma ndi chilumba chachikulu mwa zilumba ziwiri za Malawi zokhala anthu ambiri pa nyanja ya Malawi. Chinacho ndi Chizumulu. Zonse ziwiri zili kum'mawa kwa nyanja, zozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, moti munthu akaima pagombe la kum'mawa kwa Likoma amaona bwino mapiri ndi nyumba za ku Cobue. Chilumbachi n'chaching'ono, masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo Chizumulu n'chocheperapo kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma lonse la Likoma, pomwe ku Neno adapeza anthu 138,291. Maboma awiriwa ali ndi mbiri yofanana pa chinthu chimodzi: Likoma idali pansi pa Nkhata Bay monga momwe Neno idali pansi pa Mwanza kufikira mu 2003.

Ubale wa Neno ndi Likoma sudathere pamenepo. Madzi amene amawomba miyala ya ku Likoma ndi omwewo amene amatuluka m'nyanja kudzera mu mtsinje wa Shire, n'kudutsa kumalire a kum'mawa kwa boma lino, kumene amazunguza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Ndipo sitima imene idathandiza amishoni kukhazikika pa Likoma idalumikizidwa pa Matope, dera limene anthu a ku Neno amalidziwa bwino.

Nkhani yake idayenda motere. Bungwe la amishoni a Anglican la UMCA, limene lidabadwa potsatira pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857, lidayamba ntchito ku Magomero mu 1861. Nkhondo, njala ndi malungo zidawagonjetsa. Bishopu Charles Mackenzie adamwalira mu 1862, ndipo otsala adasamukira ku Zanzibar. Patapita zaka pafupifupi 20 adabwereranso kunyanja kudzera kum'mawa, motsogozedwa ndi William Percival Johnson. Iye adaona kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja singafikirike bwino popanda sitima. Sitimayo, yotchedwa Charles Janson, idabwera kuchokera ku Britain ili zidutswazidutswa, idanyamulidwa pamutu kulambalala mathithi a Shire, ndipo idalumikizidwa pa Matope mu 1885. Chaka chomwecho amishoniwo adatenga malo pa Likoma, chifukwa pachilumba padali potetezeka ku nkhondo zimene zinkavuta kumtunda. Choncho munthu wa ku Neno wopita ku Likoma akutsata njira imene idayambira pakhomo pake.

Chimene chimakoka alendo ambiri ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko udaikidwa mu 1903, anthu adayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo chidapatulidwa mu 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Kuti kukula kwake kumveke bwino, ndi ngati bwalo la mpira wa miyendo kuchokera pagolo kufika pagolo. Chidamangidwa ndi manja a anthu a pachilumbapo ndi a m'midzi ya kutsidya, amuna ndi amayi, pa nthawi imene kudalibe galimoto kapena makina okwezera katundu. M'kati muli mawindo a magalasi amitundumitundu ndi mipando yosemedwa pamwala, ndipo zimanenedwa kuti mtanda wina umene uli m'menemo udasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, kumene Livingstone adamwalirira mu 1873.

Malo amene padamangidwa tchalitchichi amatchedwa Chipyela, ndipo dzinalo lili ndi nkhani yowawa. Kale pamalopo ankatentherapo anthu owaganizira ufiti. Anthu a ku Neno, amene sadaiwale momwe okalamba anayi adaphedwera kwa T/A Dambe mu 2016 pa chifukwa chonga chomwecho, akaima pa Chipyela sangaone ngati ndi nthano ya anthu akutali. Gulu lokhala ndi achinyamata lingachite bwino kukhala pamenepo kanthawi n'kukambirana, m'malo mongojambulitsa n'kudutsa.

Mishoni ya Likoma idatchuka ndi sukulu. Kuchokera kumeneko kudatuluka aphunzitsi, akalaliki ndi ansembe amene adagwira ntchito m'maiko ozungulira. Mmodzi mwa ansembe oyamba akuda a mishoniyi adali Leonard Kamungu wa ku Chia, amene adadzozedwa unsembe mu 1909 ndipo adamwalira ku Msoro, m'dziko la Zambia, mu 1913. Johnson ndi anzake adamasuliranso Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja. Mlendo wochokera ku Magaleta adzamva kuti chilankhulo cha pa Likoma n'chachibale ndi chake, ngakhale kuti mawu ena ndi katchulidwe n'zosiyana, ndipo pa Chizumulu adzamvanso Chitonga.

Sitima ndiyo imalamula masiku

Cholakwa chachikulu pokonza ulendowu ndi kuyamba ndi kusankha tsiku lonyamukira kumudzi. Poyambira penipeni ndi ndondomeko ya sitima. MV Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndipo idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, imayenda ulendo umodzi pa sabata kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga, n'kubwereranso. Malinga ndi ndondomeko imene yakhala ikutsatidwa kwa zaka zambiri, sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, imafika ku Likoma Loweruka, imapitirira kumpoto kudzera ku Nkhata Bay, ndipo pobwerera imadzeranso pa Likoma cha m'ma Lachiwiri kuti ikafike ku Monkey Bay Lachitatu.

Tanthauzo lake n'lakuti gulu lotsika Loweruka lili ndi masiku pafupifupi atatu pachilumba. Likaphonya sitima yobwerera kummwera, liyenera kudikira ya sabata yotsatira kapena kufuna bwato lina lopita ku Nkhata Bay, kumene ulendo wa pamsewu wobwerera ku Neno ndi wautali komanso wodula. Masiku atatuwo ndi okwanira, ndipo ubwino wake n'kuti Lamulungu limagwera m'kati, tsiku limene tchalitchi chimadzaza ndi nyimbo.

Komabe Ilala ndi sitima yokalamba. Imachedwa, nthawi zina ndi maola ambiri, chifukwa cha katundu wokweza ndi kutsitsa m'madoko, ndipo pena imaimitsidwa kwa milungu kuti ikonzedwe. N'chifukwa chake mlembi wa gulu ayenera kufunsa ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay kawiri: pamene gulu likusankha mwezi, ndiponso m'sabata yonyamukira. Uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa munthu amene adakwerapo chaka chatha si ndondomeko ya sitima. Safunsa adadya phula.

M'sitimamo muli magawo a mitengo yosiyana. Pali zipinda zogona, pali malo apamwamba poyera pomwe anthu amayala mphasa kapena matiresi usiku, ndipo pali magawo apansi otsika mtengo, m'mene mumadzaza anthu pamodzi ndi matumba a chimanga, usipa ndi katundu wa malonda. Gulu lokhala ndi achikulire liganizire zowalipirira malo apamwamba ngakhale ena onse atakwera pansi, chifukwa usiku wa panyanja ndi wautali. M'madoko ena sitima imaima patali ndi gombe, ndipo anthu amatsikira m'mabwato ang'onoang'ono, kenako n'kuponda m'madzi. Katundu akhale wochepa, womangidwa m'mapulasitiki, ndipo aliyense athe kunyamula wake.

Kuchokera ku Magaleta, gulu liyenera kutsikira ku msewu wa Mwanza, kufika pa Zalewa, n'kulowera kumpoto mpaka ku Balaka. Kuchokera pamenepo njira yodziwika ndi ya ku Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay. Ulendowu ungathe tsiku lathunthu pa minibasi zosinthasintha, choncho kunyamuka Lachinayi m'mawa ndiye kuchedwetsetsa kumene kungaloledwe. Gulu lokhala ndi mpata linyamuke Lachitatu, kuti Lachinayi likaone Cape Maclear, mtunda waufupi kuchokera ku Monkey Bay. Kumeneko kuli malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kulinso manda a amishoni a Livingstonia amene adafika pamalopo mu 1875. Ulendo wonse, kuyambira kunyamuka mpaka kubwerera pakhomo Lachinayi la sabata yotsatira, ndi wa masiku 8 kapena 9. Amene ali ndi ziweto kapena dimba ayenera kupezeratu wowasamalira.

Mwezi woyenera

Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi ya kumtunda kwa Neno imaterera, ndipo kumunda kumafuna manja onse. Miyezi imeneyo n'njosayenera. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti panyanja pamawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera, imene imautsa mafunde aakulu ndi kudwalitsa anthu osazolowera madzi. Nyanjayi si ya masewera. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto kwake, ndipo pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira pafupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Bishopu Chauncy Maples, mmodzi mwa amene adayambitsa mishoni ya Likoma, adamiranso m'nyanja yomweyi mu 1895 bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota.

Nthawi yabwino kwa mlimi wa ku Magaleta ndi Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Zokolola zimakhala zitagulitsidwa, misewu ili youma, mwera utachepa, ndipo ntchito yokonza minda isanafike pachimake. Kutentha kokha ndiko kumakula, makamaka kwa anthu ozolowera mphepo yozizira ya kumapiri. Kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi nakonso n'kwabwino, chilumba chikadali chobiriwira, kungoti nthawi imeneyo ambiri amakhala ali kalikiliki kukolola. Aphunzitsi ali ndi vuto lawolawo, poti tchuthi chachikulu chimagwera m'nyengo ya mwera. Iwo ayenera kukwera sitima yaikulu yokha, osati mabwato a matabwa, ngakhale atawatsitsira mtengo chotani.

Zachilengedwe zimene zili pachilumba

Apa m'pofunika kunena zoona gulu lisanakhumudwe. Pa Likoma palibe njovu, mikango kapena njati. Ofuna nyama zikuluzikulu aonjezere tsiku ku Liwonde National Park, imene ili m'njira momwemo. Chuma cha Likoma chili m'madzi ndi m'mlengalenga.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse. Zotchuka kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta mawanga owala, tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene timakhala m'miyala ya m'mphepete mwa madzi n'kumadya ndere. Popeza mbuna sizikonda kuwoloka madzi akuya kapena malo a mchenga, gulu lililonse la miyala limakhala ndi mitundu yakeyake, moti zina zopezeka pa Likoma sizipezeka pa Chizumulu. Kaberekedwe kake n'kodabwitsa: yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo imakhala milungu ingapo osadya mokwanira pofuna kuteteza ana. Kuti munthu aone zimenezi safunika kudziwa kusambira kwambiri. Magalasi oonera pansi pa madzi amabwerekedwa m'malo ena ogona alendo, ndipo pamadzi ofika m'chiuno pafupi ndi miyala nsombazo zimaoneka. Munthu wa kumapiri amene nsomba amaidziwa ili youma pamsika amatuluka m'madzimo ali kukamwa yasa.

M'mitengo ya m'mbali mwa nyanja mumakhala nkhwazi, mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko la Malawi. Nthawi yabwino yoiona ikutsika kudzagwira nsomba ndi m'mawa kwambiri. Pamiyala pamaothera dzuwa ang'azi, ndipo wamwayi angaone katumbu akusambira. Nthawi zina patali panyanja pamaoneka chinthu chonga utsi wakuda chikukwera kumwamba. Si moto ayi, koma nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi mwaunyinji wosaneneka, ndipo anthu a kunyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Kumtunda chilumbachi n'chodzaza ndi malambe akuluakulu ndi mitengo ya mango. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja ngati mudzi woyandama.

Masiku atatu angagawidwe mosavuta. Loweruka likhale lopumula ndi kukaonekera kwa eni malo. Lamulungu ndi la ku tchalitchi ndi ku Chipyela, ndipo madzulo gulu lingayendere msika wa pa Mbamba. Lolemba likhale la m'madzi m'mawa, kenako kuyenda wapansi kupita ku midzi monga Makulawe kumpoto kapena Nkhwazi kummwera. Chilumbachi n'chotheka kuchiyenda ndi miyendo, koma dzuwa la masana si la masewera, choncho maulendo ataliatali achitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Amene akufuna kuona gule wa malipenga wa abambo kapena chioda cha amayi apemphe pasadakhale kudzera kwa mwini nyumba yogona kapena atsogoleri a mpingo, ndipo akonzeretu kangachepe kothokoza ovina. Chizumulu chisaumirizidwe m'masiku ochepawa. Sitima imaimapo popita kapena pobwera ku Nkhata Bay, koma kuwoloka pabwato laling'ono n'kubwerako kumadalira nyengo, ndipo kungaphonyetse gulu sitima.

Ndalama ndi kasungidwe kake

Mitengo ya mafuta, minibasi ndi sitima imasintha kawirikawiri, choncho bajeti ipangidwe ndi mitengo yofunsidwa mwezi womwewo, ndipo iunikidwenso kutatsala sabata ziwiri. Zowerengera ndi izi: galimoto popita ndi pobwera, sitima popita ndi pobwera, malo ogona ku Monkey Bay ndi ku Likoma, chakudya cha masiku onse kuphatikizapo cha m'sitima, ndalama zolowera ku paki ngati gulu lidzera ku Cape Maclear kapena ku Liwonde, bwato ndi woperekeza pachilumba, ndi chopereka cha kutchalitchi. Zonsezi zikaphatikizidwa, pawonjezeredwe gawo limodzi mwa magawo asanu ngati ndalama yapadera. Ndalama imeneyi si yogulira nsomba zopita nazo kumudzi. Ndi yodyera ndi kugonera sitima ikachedwa, kapena yothandizira wodwala. Ikatsala, igawidwe gulu litafika ku Magaleta, pamaso pa onse.

Magulu ambiri amapasuka chifukwa cha ndalama za ulendo osati chifukwa cha ulendowo. Msonkhamsonkha ulembedwe m'buku monga zimachitikira ku banki m'khonde, ndipo gulu ligwirizane poyambirira penipeni, molemba, chimene chidzachitike munthu akasintha maganizo ndalama zitalipiridwa kale ku malo ogona. Paulendo ndalama isakhale ndi munthu mmodzi. Ina ikhale pa Airtel Money kapena TNM Mpamba m'mafoni a anthu awiri, ina ikhale m'manja, chifukwa netiweki ikhoza kuvuta ndipo wothandiza kutapa ndalama akhoza kukhala alibe yokwanira gulu lonse tsiku limodzi.

Chakudya ndicho chingachepetse bajeti kwambiri. Nthaka ya pa Likoma n'njamiyala ndi mchenga, chakudya chodalirika ndi kondowole wa chinangwa, ndipo zinthu zambiri, ngakhale nkhuni, zimachokera kutsidya kapena zimabwera pa sitima. N'chifukwa chake zimakwera mtengo. Gulu lochokera ku Neno linyamule ufa, nyemba, kachewere, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo ndiwo za nsomba likagule komweko kwa asodzi. Posungitsa malo ogona, mlembi afunse ngati alendo amaloledwa kudziphikira. Pachilumbapo pali malo ogona apamwamba olipiritsa ndalama zakunja, komanso pali nyumba za alendo za mtengo wofikirika. Zipinda zake n'zowerengeka, ndiye gulu la anthu 15 lisangotulukira osadziwitsa.

Umoyo ndi ulemu

Aliyense atenge chiphaso cha unzika ndi buku lake la kuchipatala. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a BP, a shuga kapena ma ARV, apite ku chipatala cha Magaleta kapena kumene amalandirira mankhwala n'kufotokoza za ulendowo, kuti atenge okwanira masiku a ulendo ndi sabata ina yapadera. Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's, koma matenda aakulu amatumizidwa kumtunda. Kunyanja udzudzu ndi wambiri kuposa kumapiri a Neno, choncho neti isatsale. M'madzi odikha a mabango mungakhale nkhono zofalitsa likodzo. Amene asamba m'nyanja akafotokoze ku chipatala akabwerako kuti awauze nthawi yoyenera kuyezetsa kapena kumwa mankhwala. Asanalowe m'madzi pamalo alionse, afunse eni dera ngati pali ng'ona, ndipo pabwato laling'ono pasakwere munthu wopanda jekete yoyandamitsa.

Ku Cobue n'kufupi ndipo kumakopa, koma ndi dziko lina. Anthu a ku Neno adazolowera malire a Mozambique apamtunda, koma kumeneko mlendo ayenera kudzera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, ali ndi zikalata zoyenera.

Likoma ndi dera la T/A Mkumpha, ndipo ndi mudzi wa anthu, osati malo ongoonerera. Atsogoleri a gulu akaonekere kwa mfumu ya mudzi umene agonamo. M'tchalitchi avale modzilemekeza ndipo apemphe chilolezo asanajambule, chimodzimodzinso pojambula asodzi kapena amayi pagombe. Mabotolo ndi majumbo asatayidwe m'nyanja.

Gulu lisananyamuke lisiye mndandanda wa maina a onse opita, manambala a foni ndi tsiku lobwerera kwa nyakwawa kapena kwa wapampando wa VDC. Ngati muli ana a sukulu, pafunika chilolezo cholembedwa cha makolo ndi cha ofesi ya zamaphunziro ya boma, ndipo kalata yopempha iperekedwe kudakali milungu ingapo, kuti yankho lipezeke ndalama ya malo ogona isanatumizidwe.